Kukumbukira n'kumanga: zimene nsomba, nkhono ndi ntchentche zaulula za ubongo

Kwa agogo kumudzi kunali galu wachikasu, wakuba koopsa. Agogo akangoti alowe m'nyumba kukatapa ufa, iye anali atapisa kale mphuno mumphika wa ndiwo. Tsiku lina madzulo anagubuduza poto wa madzi a nsima amene anali atayamba kubwata pamafuwa, madziwo n'kumukhuthukira pamwendo wakutsogolo. Anathawa akukuwa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Chilonda chinapola mwezi usanathe, ubweya n'kumeranso bwinobwino. Koma galu uja anakalamba mpaka kufa osapondanso pakhomo la khitchini. Ngakhale umuitane fupa lili m'manja, ankangoima chapatali pafupi ndi mtondo, mchira uli pukupuku, osasendera.

Madzi otentha aja anamukhudza kwa kamphindi chabe. Nanga chimene chinatsala m'mutu mwake, n'kukhalamo zaka zonse zija, chinali chiyani? Ambirife timaganiza kuti ubongo uli ngati kope, zochitika zimangolembekamo zokha. Zimene asayansi apeza pa zaka zoposa 60 zikusonyeza kuti si mmene zimakhalira. Nyama ikakumana ndi chinthu choyenera kuchisunga, maselo a muubongo wake amakhala kalikiliki kwa maola angapo kupanga zipangizo zatsopano zotchedwa mapulotini, ndipo ndi zipangizo zimenezi amasintha mmene alumikizirana. Ntchitoyi ikaimitsidwa pa nthawi yake, nyama imaphunzira bwinobwino lero, mawa n'kudzuka ngati sinaphunzirepo kanthu.

Nsomba za ku Michigan

Zinayambira pa mbewa. Mu 1963, Josefa Flexner, mwamuna wake Louis Flexner ndi mnzawo Eliot Stellar, a payunivesite ya Pennsylvania ku America, anaphunzitsa mbewa kusankha njira m'kabokosi kamphanda. Ikalowera kolakwika inkalandira kashoko ka magetsi kumapazi. Mbewazo zitaidziwa njira, anazibaya muubongo mankhwala otchedwa puromycin, amene amalepheretsa maselo kupanga mapulotini. Zinaiwala.

Amene anaifikitsa nkhaniyi poyera ndi Bernard Agranoff wa payunivesite ya Michigan, ndipo iye anagwiritsa ntchito tinsomba tofiirira tija anthu amaweta m'magalasi m'nyumba. Thanki yake inali ndi kakhoma pakati, kosafika pamwamba pa madzi. Getsi likayaka mbali imene kuli nsomba, inali ndi masekondi 20 oti isambire kudutsa pamwamba pa kakhomako kupita mbali ina. Ikachedwa, kashoko. Nsomba zinkaphunzira, ndipo akazibweza m'thankimo patapita masiku atatu zinkasonyeza kuti zikukumbukira.

Kenako Agranoff anayamba kusinthasintha nthawi yobayira mankhwala, ndipo apa m'pamene panatuluka mutu wa nkhani. Nsomba yobayidwa phunziro litangotha, pofika tsiku lachitatu inali itaiwala. Yobayidwa patapita ola limodzi, mankhwala omwewo, muyezo womwewo, inkakumbukira ngati sinabayidwe n'komwe. Yobayidwa phunziro lisanayambe inkaphunzira mofanana ndi zinzake, kusonyeza kuti mankhwalawo sanaiwononge mutu, koma pambuyo pake zonse zinkafufutika. Ndiye kuti kukumbukira kuli pawiri. Kulipo kwa kanthawi, kumene sikulira zipangizo zatsopano, ndipo kulipo kokhalitsa, kumene kumamangidwa m'kanthawi kochepa phunziro litangotha. Zili ngati njerwa: youmba lero ndi njerwa ndithu, ili ndi makona ake, koma mvula ikaipeza isanalowe mu uvuni imabwerera kudothi.

Ndisanapitirire, pali mawu amene angatisokoneze. Tikamva za mapulotini timaganiza za ndiwo: nyemba, usipa, mazira, soya, zija a zaumoyo amati zakudya zomanga thupi. Mapulotini a m'nkhani ino si a m'mbale ayi. Thupi limaphwanya zimene tadya kukhala tizidutswa ta mitundu 20 totchedwa ma amino acid, kenako selo lililonse limatunga tizidutswato ngati mikanda, motsatira malangizo olembedwa mu DNA, n'kupanga mapulotini akeake. Timakina totungira timeneti amatitcha ma ribosome. Puromycin amanamiza kamakinako: amaoneka ngati mkanda weniweni, koma akangolowa pachingwe, chingwecho chimaduka n'kugwa chisanathe. Choncho munthu asaganize kuti akadya mazira asanu m'mawa wa tsiku la mayeso ndiye kuti zimene anawerenga zikhazikika. Nkhani ili pa zimene selo lenilenilo lasankha kupanga, ndi nthawi imene lazipanga.

Maso a nkhono

Nsomba zinaonetsa kuti mapulotini akufunika, koma sizinanene kuti akukamanga chiyani. Yankho linachokera kwa munthu amene iye mwini anali ndi chinthu chimene sankatha kuchiiwala. Eric Kandel anabadwira ku Vienna mu 1929, m'banja la Chiyuda. Mu November 1938, atangokwanitsa zaka 9, apolisi a chipani cha Nazi anawatulutsa m'nyumba mwawo, ndipo atabwerera patapita masiku anapeza katundu atamusesa. Chaka chotsatira anathawira ku America. M'buku lake la In Search of Memory, la mu 2006, akufotokoza kuti zimene anaona ali mwana zija ndi zimene zinamukokera ku funso la kukumbukira.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a uthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo kufufuzamo phunziro limodzi kuli ngati kusaka njere ya mapira m'mchenga wa kunyanja. Kandel anasankha nyama imene anzake ambiri ankaiderera: Aplysia, nkhono yaikulu ya m'nyanja yamchere ku gombe la California, imene kunja sioneka chigoba. Ili ndi maselo a uthenga pafupifupi 20,000 okha, ena aakulu moti amaoneka ndi maso popanda makina. Wofufuza angathe kulidziwa selo limodzi, kulipatsa dzina, n'kukalipezanso pamalo omwewo m'nkhono ina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Kandel ndi anzake anadekha nayo nkhonoyi zaka zoposa 30.

Pamsana pake pali chiwalo chopumira, ndi kampope kotulutsira madzi. Ukakhudza kampopeko, nkhono imakokera chiwalo chopumira mkati pang'ono. Koma ukaipatsa kashoko kumchira, imakhala tcheru: ukaikhudzanso pang'ono pokha imadzikoka mwamphamvu. Kashoko kamodzi, mantha ake amatha pa mphindi zowerengeka. Kashoko kanayi kapena kasanu motalikitsa nthawi, amafika mawa. Ukachita zimenezi masiku anayi otsatizana, amakhala milungu.

Gulu la Kandel linachita chinthu chimene mpaka pano ndikachiganizira ndimagoma nacho. Linachotsa maselo awiri okha m'nkhono, lina lomva kukhudza, lina lolamula mnofu, n'kuwaika m'kambale ka mulabotale momwe anamera n'kulumikizana. Malo olumikizirana maselo awiri amatchedwa synapse. M'malo mwa shoko ankadonthezera serotonin, mankhwala amene thupi la nkhono limatulutsa lokha ikapwetekedwa kumchira. Kudontheza kamodzi kunkalimbitsa mgwirizano wa maselowo kwa mphindi zochepa, ndipo mankhwala oletsa kupanga mapulotini sankasinthapo kanthu, chifukwa selo linkangokonza mapulotini amene linali nawo kale. Kudontheza kasanu motalikitsa kunkaulimbitsa kupitirira maola 24, koma pokhapokha ngati selo laloledwa kupanga mapulotini atsopano. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1986. Zimene Agranoff anaona pa nsomba yathunthu zinaonekanso pa maselo awiri m'kambale.

Chimachitika n'chakuti uthenga ukabwera mobwerezabwereza, umayenda kuchoka pa synapse kukafika pakati penipeni pa selo, pamene pamakhala DNA. Kumeneko umadzutsa pulotini yotchedwa CREB, imene ntchito yake ili ngati ya kapitawo wosunga makiyi a sitolo ya zipangizo. CREB akatsegula, tizigawo tina ta DNA timene tinali chigonere timayamba kuwerengedwa, mapulotini atsopano n'kuyamba kutuluka. Ndipo amakamanga zinthu zooneka ndi zowerengeka. Craig Bailey ndi Mary Chen, a m'gulu lomwelo payunivesite ya Columbia, anawerenga nsonga zimene selo limodzi lomva kukhudza limagwirira maselo anzake. M'nkhono yosaphunzitsidwa zinali pafupifupi 1,300. M'nkhono imene yaphunzira mantha okhalitsa zinafika pafupifupi 2,700. M'nkhono imene yakhudzidwa kambirimbiri popanda choopsa mpaka kuzolowera, zinatsika kufika cha m'ma 850. Nyama yophunzira imasintha thupi lenileni. Kandel analandira mphoto ya Nobel mu 2000, pamodzi ndi Arvid Carlsson ndi Paul Greengard.

Ntchentche yophunzira mopumira

Tintchentche tija timaunjirira pa nthochi yakupsa kwambiri kapena pa mango ovunda, asayansi amatitcha Drosophila, ndipo tintchentcheti tawathandiza kwambiri. Tim Tully, wa ku Cold Spring Harbor ku New York, ankatiika m'kapaipi pafupifupi 100 nthawi imodzi, n'kutinunkhitsa fungo limodzi pamodzi ndi kashoko, kenako fungo lina lopanda shoko. Akatifikitsa pamphambano, fungo ili uku, linalo uko, tinkathawa fungo la shoko lija.

Mu 1994 Tully ndi anzake anayerekeza magulu awiri. Loyamba linaphunzitsidwa maulendo 10 mondondoza, osapumira. Lachiwiri maulendo 10 omwewo, koma likupuma mphindi 15 pakati pa ulendo uliwonse. Phunziro lofanana, shoko yofanana. Gulu losapumira linakumbukira masiku ochepa, zonse n'kuzilala pofika tsiku lachinayi, ndipo mankhwala oletsa mapulotini sanalikhudze, kusonyeza kuti silinamange chilichonse chatsopano. Gulu lopumira linkakumbukirabe patatha mlungu wathunthu, ndipo kukumbukira kwake ndi kumene kunkafa likamwetsedwa mankhwala aja. Chaka chomwecho Jerry Yin ndi Tully anasonyeza kuti kutsekereza CREB m'ntchentche kumapha kukumbukira kokhalitsa kokhako, ndipo gulu la Alcino Silva linapeza zofanana pa mbewa. Nkhono, ntchentche, mbewa: nyama zosiyana kutalitali, koma kapitawo wake mmodzi.

Apa sindingachitire mwina koma kuganiza za ana athu a Fomu 4. Mayeso a MSCE akayandikira, ambiri amachezera usiku wonse, ena mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisawagwire, kuloweza buku lonse m'masiku atatu. Ena amakhozadi, koma ukawafunsa zomwezo mwezi wa Okutobala, mutu uli mbee. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anali atalemba kale mu 1885 kuti munthu amasunga bwino zimene waphunzira mopatula masiku kusiyana ndi zimene wadzipanikiza nazo tsiku limodzi. Ntchentche zangotionetsa chimene chimachitika mkati mwa selo pa nthawi yopuma ija. Za tulo nazonso zilipo: gulu la Ted Abel linapeza kuti mbewa ikamanidwa tulo maola asanu okha, kapangidwe ka mapulotini kamatsika mu hippocampus, chigawo cha ubongo chofunika kwambiri pokumbukira malo ndi zochitika. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Aphunzitsi amene amabwereza phunziro la Lolemba pa Lachinayi, n'kudzalikhudzanso mlungu wamawa, akugwira ntchito mogwirizana ndi mmene maselo amamangira.

Palinso china chimene ntchentche zaonetsa, ndipo ichi chimandikhudza mtima. Kumanga kumadya chuma. Ku Paris, Pierre-Yves Plaçais ndi Thomas Preat anapeza mu 2013 kuti ntchentche yanjala imatseka yokha njira yopangira kukumbukira kokhalitsa kwa zinthu zoopsa. Ataiumiriza kutsegula njirayo, inakumbukiradi, koma inafa msanga kuposa zinzake. Patapita zaka zinayi gulu lomwelo linaona kuti ntchentche zikangomaliza maphunziro opumira aja, zimamwa madzi a shuga kuwirikiza kawiri. Mwana si ntchentche, ndipo sikungakhale kulungama kutenga zotsatira za m'kapaipi n'kuziika pamutu wa mwana wa Sitandade 2. Komabe ubongo wa munthu, umene sulemera kupitirira magawo awiri pa 100 a thupi, umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi likakhala pa mpumulo. Ndikaona ana ali pamzere ndi makapu awo kudikira phala la kusukulu, sindiliona phalalo ngati chinthu chapadera ndi maphunziro.

Katundu amadziwa bwanji khomo lake?

Selo limodzi la muubongo wa khoswe kapena munthu lili ndi ma synapse masauzande, omwazikana m'nthambi zake ngati masamba a mtengo. Phunziro limodzi limakhudza ochepa okha. Ngati mapulotini onse apangidwa pakati pa selo, amadziwa bwanji nthambi yoti apiteko? Mayankho awiri apezeka, ndipo onse akuoneka kuti ndi oona. Mu 1982 Oswald Steward ndi William Levy anaona ma ribosome ataunjikana m'nthambi momwemo, patsinde pa ma synapse, ndipo mu 1996 Hyejin Kang ndi Erin Schuman anasonyeza kuti nthambi zodulidwa kuchoka ku thunthu la selo zimathabe kupanga mapulotini ndi kulimbitsa ma synapse ake. Ndiye kuti njerwa zina zimaumbidwira pamalo pomwe akumanga. Kenako mu 1997 Uwe Frey ndi Richard Morris anapeza kuti synapse imene yangogwira ntchito imadziika chizindikiro cha kanthawi, ngati nsalu yomangirira pa thumba la chimanga kuchigayo, ndipo mapulotini akamadutsa imawakola. Synapse imene yakhudzidwa pang'ono ingathe kukola mapulotini amene anaitanitsidwa ndi inzake yokhudzidwa mwamphamvu. Ofufuza ambiri amaona kuti mwina n'chifukwa chake timakumbukira tinthu tachabechabe ta tsiku limene tinalandira uthenga wa maliro: malaya amene tinavala, nyimbo imene inkaimbidwa pawailesi.

Chokumbukiridwa chimafewanso

Kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti njerwa ikapsa yapsa. Mu 2000, Karim Nader, Glenn Schafe ndi Joseph LeDoux a payunivesite ya New York anagwedeza chikhulupiriro chimenechi. Anaphunzitsa makoswe kuti kulira kwa kabelu kumatsatana ndi kashoko kumapazi. Khoswe wotero akamva kabeluko amauma thupi, kungoti duu osagwedera. Tsiku lotsatira, phunziro litakhazikika kale, analiza kabeluko kamodzi kuti khosweyo akumbukire, nthawi yomweyo n'kumuthira anisomycin, mankhwala ena oletsa mapulotini, mu amygdala, kachigawo ka ubongo kosunga mantha. M'mawa mwake kabelu kanalira, mantha ambiri atachoka. Makoswe amene anapatsidwa mankhwalawo popanda kuwakumbutsa anasunga mantha awo onse. Zinachitikanso chimodzimodzi ngakhale pa mantha a milungu iwiri.

Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikakumbukiridwa chingathe kufewa, ndipo kuti chikhazikikenso pamafunika mapulotini ena. Sizichitika nthawi zonse, zakalekale ndi zozama kwambiri zimalimba mutu, koma zimachitika. Amayi amene amazira nyumba amaidziwa bwino ntchito yotere: pansi pamakhala pomwepo chaka ndi chaka, koma dothi lapamwamba ndi latsopano, ndipo dzanja la wozira limasiya mizere yake. Madokotala a maganizo akhala akuyesa kugwiritsa ntchito mpata umenewu pothandiza anthu ovutika ndi zoopsa zimene anaona, monga nkhondo, ngozi kapena kugwiriridwa. Anisomycin ndi poizoni kwa munthu, choncho amayesa mankhwala ena monga propranolol, ndipo zotsatira zake zakhala zosakanikirana. Kwa ine, phunziro la makoswewa limandichititsa kuleza mtima ndi abale awiri amene akukangana pa zimene malemu bambo awo ananena za malire a munda. N'zotheka ndithu kuti palibe akunama.

Nkhaniyi ili ndi otsutsa ake, ndipo ali ndi mfundo. Mankhwala ngati puromycin ndi anisomycin sagwira malo amodzi: amasokonezanso zinthu zina muubongo, moti ena akhala akufunsa ngati kuiwalako kumabweradi chifukwa cha kusowa kwa mapulotini. N'chifukwa chake umboni wa ntchentche ndi mbewa zosinthidwa DNA, zimene sizinabayidwe mankhwala otere, uli wofunika. Kuchuluka kwa mapulotini nakonso si mwayi: pa matenda obadwa nawo a fragile X, amene amachedwetsa mwana kuphunzira, vuto ndi lakuti pulotini yoletsa ma synapse kupanga mapulotini mopyola muyezo imasowa. Ndipo Francis Crick, mmodzi wa amene anatulukira maonekedwe a DNA, anafunsa mu 1984 funso limene ofufuza akulimbana nalo mpaka lero: mapulotini ambiri a muubongo amatha n'kulowedwa m'malo pa masiku kapena milungu yochepa, nanga nkhalamba ya zaka 80 imakumbukira bwanji dzina la mphunzitsi wake wa Sitandade 1?

Mbali ina ya yankho inatulukira ku MIT mu 2015, m'labotale ya Susumu Tonegawa. Tomás Ryan ndi anzake anaika mbewa m'kachipinda n'kuipatsa kashoko, ndipo anagwiritsa ntchito njira yoika chizindikiro pa maselo enieni a mu hippocampus amene anagwira ntchito pa nthawiyo, chizindikiro chochititsa kuti maselowo azidzuka akawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu. Atangomaliza phunziro anaibaya anisomycin. Monga mwa nsomba za Agranoff, mbewayo inaiwala: ataibwezera m'kachipinda kaja inkangoyendayenda n'kumanunkhiza, ndipo ma synapse a maselo aja anapezeka kuti sanalimbe. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina mapulotini atsopano amamanga njira yokafikira pa chosungidwacho, pamene chosungidwa chenichenicho chili m'mene maselo alumikizirana.

Anaitenga mbewa yoiwala ija n'kuiika m'kachipinda kena, kachilendo, momwe sinapwetekedwepo. Kudzera pa kaulusi kagalasi kolowa m'mutu mwake, anayatsa kuwala kwa buluu pa maselo aja. Mbewayo inasiya kununkhiza, n'kuuma thupi, duu.